Mafunso anu pa malumo akale: werengani kaye pakhosi musanathamangire kwa wonola

Mwezi watha ndinalemba za lumo la malemu bambo anga, lija lopinda ngati mpeni wa m'thumba, nde kuchokera tsiku limenelo foni sinapume, ena kutumiza zithunzi pa WhatsApp, ena kungofotokoza ndi mawu zomwe apeza m'masutikesi a makolo awo. Sindimayembekezera kuti mu Blantyre muno muli malumo ochuluka chonchi ongogona m'madirowa. Ndasankhapo makalata angapo. Koma pempho langa kwa nonse amene mukufuna kutumiza zithunzi, jambulani pakhosi pa lumolo, ndikunena kachitsulo kopapatiza kaja kali pakati pa mbali yometera ndi chogwirira, mujambule mbali zonse ziwiri, panja kukuwala bwino osati usiku ndi fulashi. Dzina la wopanga, mzinda wake ndi chidindo chake zimakhala pamenepo. Chogwirira anthu amasintha chikasweka, bokosi amasinthanitsa, koma zolembedwa pakhosi zimakhala zomwezo kuyambira tsiku lomwe lumolo linasulidwa.

Ankolo, agogo anga aakazi anatisiya chaka chatha kuno ku Chilomoni, nde pokonza m'nyumba tinatsegula thiranki yachitsulo ya agogo aamuna omwe anamwalira kalekale ine ndili mwana. Munali lumo lokulungidwa m'kansalu. Mbali ina lalembedwa BENGALL, mbali inayo T.R. Cadman & Sons, Sheffield, England. Achimwene anga akuti ndi la ku India poti Bengal ndi ku India, ati agogo anabwera nalo kuchokera kunkhondo. Ndi zoona zimenezi? — Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, pepani ndi zovutazo, ndipo mwachita bwino kusalitaya lumolo pamodzi ndi zinyalala za m'thirankimo, ambiri amatero.

Lumo lanu silinapangidwe ku India ayi. Taonaninso bwino dzinalo, lili ndi L ziwiri kumapeto, ndipo ndi chidindo cha banja la a Cadman a ku Sheffield ku Mangalande, chidindo chakale kwambiri moti chinayamba kugwira ntchito mu 1748. Banja limeneli linkapanga malumo mibadwomibadwo mpaka kampani inatsekedwa m'ma 1960. Malumo a Bengall ankagulitsidwa kwambiri m'maiko omwe ankalamulidwa ndi Angerezi, makamaka ku Australia, nde sizodabwitsa kulipeza kuno. Sanali malumo a anthu olemera, anali a munthu wamba wofuna chitsulo chabwino chometera tsiku ndi tsiku, ndipo ine mwa malumo onse amene ndagwirako, Bengall ndi limodzi mwa osavuta kunola, limamva mwala msanga ndipo likathwa limakhalitsa.

Sheffield yo ndi mzinda womwe unatchuka ndi mipeni kuyambira kale chifukwa uli ndi timitsinje tambiri totsika m'mapiri tomwe tinkazunguza mawilo onolera, miyala yonolera ankaikumba konko, malasha analinso pafupi. Bungwe la osula mipeni kumeneko linakhazikitsidwa mu 1624. Kenako m'ma 1740 bambo wina wokonza mawotchi dzina lake Benjamin Huntsman anatulukira njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadothi kuti chituluke chosalala chofanana paliponse, nchifukwa chake malumo ambiri akale amalembedwa Cast Steel. Chomwe chimandikhudza ine ndikamagwira malumo amenewa ndi anthu onola aja, ankakhala tsiku lonse atawerama pa mwala wozungulira kumapuma fumbi la mwala ndi chitsulo, ndipo ambiri ankamwalira ndi chifuwa asanakalambe nkomwe. Tikamayamikira kuthwa kwa lumo tizikumbukirako kuti panapita mapapo a anthu.

Tsono achimwene anuwo musawatsutse kotheratu. Asilikali a gulu la King's African Rifles (KAR) ochokera kuno ku Nyasaland anakamenyadi nkhondo ku Burma mu 1944 ndi 1945, ndipo ulendo wake unkadzera ku Ceylon ndi ku India, nde ngati agogo anali msilikali atha kukhala kuti analipeza komweko olo kuti linapangidwa ku Mangalande. Yang'anani pa chogwirira kapena pakhosi ngati pali kachizindikiro kooneka ngati phazi la nkhuku, kamuvi ka mizere itatu, chimenecho chinali chidindo cha katundu wa boma la Britain, ndipo asilikali ena ankadindanso nambala yawo pa chogwirira. Ngati palibe, njira zina ndi zambiri. Katundu wa ku Mangalande ankalowa kudzera m'masitolo a Mandala, kampani ya African Lakes ija inayamba mu 1878 yomwe nyumba yake ya 1882 ikadalipo mpaka lero m'tauni muno, panalinso masitolo a amwenye ku Limbe, komanso azibambo ambiri ankabwera ndi zinthu zotere kuchokera ku Joni pa Wenela kapena ku Halale. Mawu oti England aja akusonyeza kuti lumolo si la kale kuposa 1891, ndifotokoza chifukwa chake pa funso lotsatirali. Chomwe ndingakupempheni, ngati alipo azakhali kapena amalume amene anawaona agogo akumeta, pitani mukawafunse sabata ino yomwe, mulembe zomwe akuuzeni pa kapepala musunge limodzi ndi lumolo. Chitsulo chitiuza kuti Sheffield, koma kuti linadzera njira iti kufika m'thiranki ya ku Chilomoni akudziwa ndi achikulirewo basi.

Akulu, bambo anga anali khukhi kwa mzungu wina ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, pochoka anawasiyira lumo. Lalembedwa Joseph Rodgers & Sons, No 6 Norfolk Street, Sheffield, pali kanyenyezi ndi kamtanda, komanso kachisoti kachifumu pakati pa V ndi R. Koma England palibe. Mnzanga akuti ngati palibe England ndiye kuti ndi feki. Ndilitaye? — Bambo wa ku Bangwe

Aaa bambo, musayerekeze kulitaya! Mnzanuyo watembenuza nkhani. Kusowa kwa England nthawi zambiri kumatanthauza kuti lumolo ndi lakale kwambiri osati kuti ndi labodza.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo la misonkho lotchedwa McKinley Tariff lomwe linati kuyambira 1891 katundu yense wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lomwe wachokera. A ku Sheffield msika wawo waukulu unali ku America komweko, nde anayamba kuwonjezera England pansi pa Sheffield, ndipo patapita zaka kunabwera kalembedwe koti Made in England. Chaka chake nchosavuta kukumbukira kwa ife a kuno, 1891 ndi chaka chomwe tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre chinatha kumangidwa, chaka chomwechonso dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Koma ndikuchenjezeni, lamulo limeneli linali la katundu wopita ku America, nde lumo logulitsidwa ku Britain konko kapena lobwera kuno molunjika silinkakakamizidwa kulembedwa choncho. Ndiye England akakhalapo mutha kunena molimba mtima kuti ndi la pambuyo pa 1891, akasowa ndi chizindikiro chabe chofunika kuchiphatikiza ndi zina.

Zinazo inu muli nazo. VR ndi Mfumukazi Victoria yemwe analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, ndiye lumo lanu lili m'kati mwa zaka zimenezo. WR ikanakhala William wachinayi, 1830 mpaka 1837. GR ndi yomwe imasokoneza anthu chifukwa atha kukhala George wachinayi wa 1820 mpaka 1830 kapena George wachisanu wa 1910 mpaka 1936, pamenepo umayang'ananso maonekedwe a lumolo. Kanyenyezi ndi kamtanda kaja ndi chidindo chenicheni cha a Rodgers, chinalembetsedwa koyamba mu 1682, ndipo kampaniyi inali yopangira mipeni banja lachifumu, nchifukwa chake ankanyadira kuika chisoti. Zoona, dzina la Rodgers linkaberedwa ndi ena chifukwa chotchuka, koma pa chithunzi mwatumizachi zilembo zadindidwa mozama, zoongoka, sipelo yake ndi yolondola, ine sindikuonapo chokayikitsa.

Chitaninso ichi, litsekuleni muliyang'ane chakutsogolo ngati mukusuzumira m'paipi. Malumo akale kwambiri amakhala okhuthala kuchokera kumsana mpaka kokuthwa ngati kankhwangwa, olemera m'manja, kamchira kake kogwira ndi chala kamakhala kakafupi. Apambuyo pake anayamba kuwakumba mbali zonse ziwiri kuti apyapyale ngati pepala, moti ukaligunda pang'ono ndi chikhadabo limalira kuti ngwee, ndipo pometa umamva likuyimba pa ndevu. Lanulo likuoneka lokhuthala ndipo chogwirira ndi cha nyanga yakuda, zonse zikugwirizana ndi nthawi ya Victoria. Mwina mzunguyo naye anachita kulandira kwa bambo ake.

Ankolo ndithandizeni. Lumo la agogo lachita dzimbiri kwambiri komanso ndi lobuntha. Ndimafuna ndipite nalo kwa anyamata onola mipeni ndi zikwanje kumsika alipititse pa girayinda liwale. Bwanji pamenepo? — Mnyamata wa ku Ndirande

Mphwanga, kalata yako ndi imene yandichititsa kuti ndilembe msanga mwezi uno. Usapite nalo. Ndikubwereza, usapite nalo ku girayinda.

Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso angawa. Zaka zapitazo ndisanadziwe zambiri ndinali ndi lumo la George Wostenholm, lija la chidindo cha kaliwo wosutira fodya, kampani yomweyo imene imalemba I*XL pa mipeni. Ndinalipereka kwa bambo wina wonola kumsika, munthu waluso ndithu pa zikwanje ndi nkhwangwa. Analigunditsa pa mwala wamagetsi, moto kuti thethethe, sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe, pondibwezera m'mphepete monse mwasanduka buluu ngati khosi la nkhunda ndipo kutsogolo kwabenthuka. Buluu ameneyo amatanthauza kuti chitsulo chapsa, kulimba komwe osula anakuika ndi moto ndi madzi zaka zoposa 100 zapitazo kwatha, ndipo olo utanola mwezi wathunthu silingagwirenso kuthwa. Bamboyo sanalakwe mwadala, ananola mmene amanolera chikwanje, koma lumo kokuthwa kwake nkopyapyala kuposa tsitsi, silipirira kutentha. Ndimalisungabe m'dirowa ndipo ndikaliona mtima umandiwawa mpaka lero.

Tsono chita izi. Choyamba ona mtundu wa dzimbirilo. Lofiira lomwe limatsalira pa chala ndi lamoyo, likudyabe chitsulo, limenelo lichoke. Madontho akuda kapena kuderako kwa chitsulo chonse si vuto, ndi ukalamba chabe, anthu osonkhanitsa malumo ambiri amakonda kulisiya choncho. Donthezera mafuta a makina osokera, aja atelala amagwiritsa ntchito, ulisiye usiku wonse, mawa lake upukute ndi kansalu. Likakanika tenga sitiliwulu wofewa kwambiri kapena sendipepa wosalala wa nambala 1000 kupita m'mwamba, amapezeka kwa ogulitsa penti wa magalimoto, uzikhula pang'onopang'ono lumolo litagona pa thabwa, zala kutali ndi kokuthwa. Pakhosi pomwe pali dzina usakhulepo ndi mphamvu, ndipo ngati pa lumolo pali zojambula kapena zilembo zagolide usayandikizepo sendipepa nkomwe, zimafufutika kamodzinkamodzi ndipo sizibweranso. Kuona maso a nkhono nkudekha mphwanga, ntchito imeneyi ndi ya madzulo angapo osati ya mphindi zisanu.

Kunola kwake nkosiyana ndi kwa mpeni. Mpeni umaudzutsa msana, lumo ayi, limagona chafufumimba pa mwala, msana ndi kokuthwa zonse zikhudze mwala nthawi imodzi chifukwa msanawo ndi umene umapereka kapendekedwe koyenera, opanga anayeza kale. Umalikankha kokuthwa kuli patsogolo ngati ukufuna kusenda mwalawo, ukafika kumapeto umalitembenuzira pamsana, osadinikiza. Miyala yake ndi yosalala kwambiri yothira madzi, amayamba ndi wa 1000, kenako 4000, kumalizira 8000 kapena kuposa, ndipo akale ankagwiritsa ntchito mwala wachikasu wa ku Belgium wotchedwa coticule. Mwala uja timanolera mipeni ya kukhitchini pakhonde ndi wokhakhala kwambiri, ungolikumba mano. Ukamaliza umalipititsa pa lamba wachikopa wosalala wopanda zoboola, apa nde msana ndi umene umatsogola, ukalakwitsa udula lambayo. Likathwa bwino limadula tsitsi la pamkono osakhudza khungu. Koma ngati dzimbiri ladya mpaka kuboola timaenje kokuthwa kwenikweniko, kapena pali mng'alu, usavutike nalo, lipukute ulipake mafuta likhale chikumbutso cha agogo basi.

Za kasungidwe, Blantyre yathuyi nthawi ya dzinja komanso chiperoni chikagwa mu June ndi July chinyezi chimalowa paliponse. Malumo akalewa ndi a chitsulo chogwira dzimbiri msanga, chitsulo chosachita dzimbiri chija anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield komweko mu 1913 ndipo chinachedwa kulowa m'malumo. Nde osalisiya kubafa, osalitseka lili lonyowa, ndipo mafuta ophikira ayi, amauma nkumata ngati ulimbo.

Ankolo, langa chogwirira chake ndi choyera chonkera kuchikasu, anthu akundiuza kuti ndi mnyanga wa njovu ndipo nditha kupha nalo makwacha kwa azungu. Ndingadziwe bwanji, nanga ndigulitse kuti? — Mayi wa ku Zingwangwa

Mayi, ndiyambe ndi mbali yachiwiri ya funso lanu chifukwa ndi imene ingakuikeni m'mavuto. Ngati ulidi mnyanga, musauike pa Facebook kapena m'magulupu a malonda, musayende nawo kokatsatsa, ndipo musampatse m'bale aliyense kuti adutse nawo pa Chileka kapena pa Mwanza. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 moti chilango chimafika zaka 30 kundende. Kunena kuti ndi za agogo zakalekale sikungakuthandizeni pa rodibuloko mulibe pepala lililonse. Ngati mukufuna mtima ukhale m'malo, kafunseni ku nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire akuuzeni zoyenera kuchita. Amene akukulimbikitsani kugulitsawo sadzakhalapo tsiku la mlandu.

Komatu nthawi zambiri zogwirira zoyera zimene anthu amati mnyanga si mnyanga. Fupa ndi limene limachuluka, mukaliyang'anitsitsa padzuwa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda tating'onoting'ono momwe munkadutsa mitsempha. Mnyanga weniweni ulibe timadontho timeneto, umakhala wosalala, wopyapyala kwambiri, mizere yake ndi yosaoneka bwino ndipo siyenda mofanana, komanso kawirikawiri timisomali take amatikhoma popanda timawashala. Nde palinso pulasitiki yakale yotchedwa celluloid yomwe inayamba m'ma 1870, ankaipanga dala kuti izioneka ngati mnyanga, koma mizere yake imakhala yoongoka mofanana kwambiri ngati ya m'kope. Mukaikhula ndi chala mpaka itenthe pang'ono imatulutsa kafungo ka kamfa ngati mafuta odzola aja. Pa chithunzi chanu mizere ndi yoongoka bwinobwino kuyambira uku mpaka uko, ine ndikuona kuti ndi celluloid. Wina akakuuzani kuti muyese ndi singano yamoto mukane, celluloid imayaka moopsa ngati petulo.

Ndipo poti tanena za celluloid, ili ndi matenda ake. Ikakalamba imayamba kuola nkumatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo, chizindikiro chake ndi dzimbiri lomwe limagwira mbali yokhayo ya lumo imene imalowa m'chogwirira pomwe msana uli bwinobwino, nthawi zina ndi kafungo kowawasa. Mukaona zimenezo lichotseni pakati pa anzake msanga chifukwa limawononga ndi oyandikana nawo omwe, ndipo musalitsekere m'botolo kapena m'pepala la pulasitiki.

Biggie, ine ndili ndi babashopu ku Limbe. Ndapeza lumo lakale la Kropp kwa ankolo anga, ndikufuna ndizimetera makasitomala ndevu ndi kudula malayini kuti shopu ikhale ndi sitayilo yakeyake. Mukuti bwa? — Wometa wa ku Limbe

Achimwene, Kropp ndi lumo labwino la ku Sheffield ndipo ometa akale ankalikonda zedi, koma pa makasitomala ayi, ndikukanizani. Lumo limacheka khungu olo pang'ono posaoneka ndi maso, makamaka pa ife a ndevu zopotana amene timakhala ndi tiziphuphu pakhosi, nde magazi a munthu uyu apita kwa uyo. Tonse timaopa HIV, koma kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B nkolimba kuposa pamenepo, kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo chouma kwa sabata yathunthu. Kungopukuta ndi sipiliti mothamanga kasitomala wina akudikira pa benchi sikokwanira, ndipo simungaliwiritse chifukwa chogwirira chiwonongeka, lamba wachikopa uja nayenso satsukika. Nchifukwa chake ngakhale pa miyambo yathu, kumeta pamaliro kapena kuchinamwali, azaumoyo akhala akutiuza kuti aliyense lezala lakelake, lumo limodzi la mudzi wonse lija tinalisiya pa chifukwa chomveka.

Gulani kachogwirira kopinda kooneka ngati lumo komwe mumaikamo theka la lezala, kasitomala aliyense lezala latsopano mutsekule iye akuona. Sitayilo ndi yomweyo. La Kropp lo likhomeni m'kabokosi kagalasi pakhoma anthu azifunsa, kapena muzimetera nkhope yanu nokha kunyumba. Mukatero nyowetsani ndevu ndi madzi otentha ndi thovu lambiri, kokani khungu ndi dzanja linalo, lumo lipendekeke pang'ono chabe pafupifupi madigiri 30, ndipo tsatirani komwe ndevu zagonera osati kulimbana nazo, tiziphuphu timachepa. Masiku oyamba metani masaya okha, pachibwano ndi pansi pa mphuno mudzafikapo dzanja likazolowera.

Ankolo, langa lili ndi tianthu tiwiri togwirana, lalembedwa Solingen. Kumsika ndaonanso ena atsopano owala olembedwa Solingen omwewo otchipa. Ndi amodzi? — Wowerenga wa ku Machinjiri

Tianthu tiwiri timeneto ndi mapasa a J.A. Henckels, chidindo chomwe chinalembetsedwa mu 1731 ku Solingen, mzinda wa mipeni wa ku Germany womwe unadzapikisana ndi Sheffield mpaka kuuposa pa malumo opyapyala. Ena a kumeneko ndi Böker wa chidindo cha mtengo, Puma, ndi Dovo yomwe inayamba mu 1906. Likalembedwa Friodur ndiye kuti ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, lapambuyo pa 1939. Mukaona W. Germany dziwani kuti ndi la nthawi yomwe dzikolo linali logawikana, pakati pa 1949 ndi 1990. Kunja kwa mizinda iwiriyi kulinso Thiers ku France ndi Eskilstuna ku Sweden komwe kunkachokera malumo a Heljestrand, koma amenewo kuno ndi osowa.

Atsopano otchipawo samalani nawo. Dzina la Solingen ndi lotetezedwa ndi lamulo ku Germany kuyambira 1938, koma akuba maina saopa zimenezo. Lenileni limakhala ndi dzina la kampani lodindidwa pakhosi, osati liwu loti Solingen lokha lopakidwa ngati penti pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, ambiri owala aja chitsulo chake nchofewa, umanola lero mawa labuntha.

Akulu, mwachidule, malumo amenewa ndi ndalama zingati? Ndikufuna ndiyambe kusonkhanitsa. — Bambo wa ku Chirimba

Bambo, ngati mukulowa kuti mulemere mukhumudwa. Malumo amenewa anapangidwa ochuluka zedi, amuna ambiri ku Ulaya anali nawo mpaka King Camp Gillette atabweretsa shevala ya lezala losintha, chiphaso cha umwini wa luso limeneli analandira mu 1904, ndipo asilikali a America atapatsidwa zimenezo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse lumo lopinda linayamba kutha. Ndiye Bengall wamba kapena Kropp wamba si chuma. Omwe amakwera mtengo ndi otambalala kwambiri, paja amayezedwa m'magawo asanu ndi atatu a inchi, 5/8 ndi wamba pomwe 7/8 ndi 8/8 ndi osowa, makamaka a Wade & Butcher olembedwa For Barbers Use, a Filarmonica a ku Spain, komanso seti ya malumo 7 m'bokosi limodzi lililonse lolembedwa tsiku lake pamsana, Sunday mpaka Saturday, ikakhala yathunthu. Mukafuna kudziwa mtengo lowani pa eBay, msika wa pa intaneti, muone omwe agulidwa kale, osati mitengo yomwe ogulitsa akungotchula. Pogula onani msana, ukakhala wodyeka mophwatalala ndiye kuti lanoledwa mpaka kutopa, ndipo la mng'alu lisiyeni olo litchipe bwanji.

Koyambira ndi kwanu komwe. Funsani kumudzi, funsani madala omwe anagwirako ntchito m'nyumba za azungu, kunjanji ku Limbe kapena m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo mukapeza gogo ali nalo musamumete mpala wopanda madzi pomupatsa ya sopo chabe, muuzeni chilungamo chomwe ali nacho, mwinanso adzukulu ake angalifune. Ine ndimafunitsitsa wina atanditumizira chithunzi cha lumo lachikuda, lija losulidwa ndi osula zitsulo akwathu lomwe agogo ankametera mpala anthu asanadziwe lezala, chifukwa amenewo alibe chidindo chilichonse ndipo akutha msanga kuposa a ku Sheffield. Amene muli nalo kunyumba, lijambuleni pambali pa bokosi la machesi kuti ndione kukula kwake, mundiuzenso mudzi womwe linachokera ndi amene ankaligwiritsa ntchito.